Malipiro a msilikali ku America: muwawerenge chonchi musanasaine, komanso mukayamba ntchito

Mwezi sutha foni yanga isanalire pa nkhani imodzi yomweyi. Nthawi zina amakhala mnyamata amene wangolandira green card ndipo waitanidwa ku ofesi yolemba anthu usilikali. Nthawi zina amakhala mayi ali ku Zomba amene mwana wawo wavala kale yunifomu kuno, ndipo akudabwa kuti ndalama yomwe anamva ija siikufika. Funso lawo limakhala lakuti, kodi msilikali amalandira zingati? Ine ndinagwirako ntchitoyi, ndipo yankho lake silikwana mu voice note. Ndiye ndalilemba pano kamodzi, kuti aliyense wofunsa ndizingomutumizira.

Ndiyambe ndi chenjezo kwa amene muli kumudzi. Munthu amene si nzika ya America salowa usilikali wa kuno popanda green card, ndipo kulembetsa n'kwaulere. Wina akakuuzani pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti tumizani ndalama akulembetseni muli ku Malawi, ameneyo ndi wakuba.

1. Gawani ndalamazo patatu

Pali salale yeniyeni, imene kuno amaitcha basic pay. Iyi imadulidwa msonkho, ndipo penshoni yanu idzawerengedwa pa iyo yokha. Pali ma alawansi, makamaka a nyumba ndi a chakudya, omwe sadulidwa msonkho koma amasintha mukasamuka kapena banja likasintha. Kenako pali zomwe simuziona ku akaunti, monga chipatala, sukulu ndi penshoni. Wolemba anthu ntchito akakutchulirani nambala imodzi yaikulu, mufunseni kuti waphatikizamo ziti.

2. Pezani basic pay yanu pa tebulo la boma

Apa palibe kunenerera ngati pamsika. Tebulo ndi limodzi kwa onse, Army, Navy, Air Force, Marines, Space Force ndi Coast Guard, ndipo lili poyera pa webusaiti ya DFAS, ofesi yomwe imalipira asilikali. Mumayang'ana zinthu ziwiri, giredi yanu ndi zaka zomwe mwagwira. Asilikali wamba ali pa E-1 mpaka E-9, ma warrant officer pa W-1 mpaka W-5, ndipo ma ofesala pa O-1 mpaka O-10. Uofesala umafuna munthu amene ndi nzika, choncho ambirife timayambira ku E.

Mu 2024, E-1 amene wagwira miyezi yoposa inayi ankalandira $2,017.20 pamwezi. Mu January 2025 onse anakwezedwa ndi 4.5 peresenti, ndipo mu April chaka chomwecho a E-1 mpaka E-4 anawonjezeredwa ina 10 peresenti, E-1 uja n'kufika pa $2,319. Tebuloli limasintha pa 1 January chaka chilichonse, ndiye onetsetsani chaka chomwe chalembedwa pamwamba pake. Miyezi inayi yoyambirira ndalama imakhala yotsikirapo.

Ngati muli ndi digiri, musaisiye m'sutikesi. Ku Army munthu wa digiri atha kuyambira pa E-4, giredi yomwe wina amaidikira pafupifupi zaka ziwiri. Digiri ya ku UNIMA, MUBAS kapena MZUNI iyenera kuyamba yaunikidwa ndi bungwe loyerekeza mapepala akunja ndi a kuno, ndipo izi zichitike musanasaine. Giredi yolowera ilembedwe mu kontirakiti. Lonjezo la pakamwa silipita kulikonse.

3. Ndalama ya chakudya, BAS

Mu 2025 inali $465.77 pamwezi kwa asilikali wamba ndi $320.78 kwa ma ofesala. Ndi ya m'kamwa mwa msilikali yekha, sikwera ukakhala ndi ana asanu. Amene amagona ku barracks ndipo anapatsidwa chilolezo chodyera ku holo ya asilikali amaiona ikulowa mbali ino ya pepala n'kutuluka mbali inayo, yambiri imabwezedwa kaya wadya kaya sunadye. Musaiwerengere ngati yanu muli pamenepo.

4. Ndalama ya nyumba, BAH

Iyi ndi yomwe imasiyanitsa anthu a giredi imodzi. Imatengera malo omwe mukugwirako ntchito, giredi, komanso ngati muli ndi anthu odalira inu ovomerezeka, omwe kuno amati ma dependent. Wa ku San Diego amalandira zambiri kuposa wa ku Fort Sill ku Oklahoma, chifukwa lendi ya ku California ndi ina. Boma linaikonza kuti izikwanira pafupifupi 95 peresenti ya lendi, magetsi ndi madzi za m'deralo, zotsalazo n'zam'thumba mwanu. Mitengo yake ilipo iwiri basi, wa amene ali ndi banja ndi wa amene alibe. Mwana mmodzi kapena anayi, ndalama ndi yomweyo.

Msilikali wa giredi yotsika wosakwatira amagona ku barracks ndipo BAH yonse salandira, amangoona timadola tochepa. Wokhala m'nyumba za pa kampu zoyendetsedwa ndi makampani, BAH yake imapita ku lendi. Wochita lendi kunja akapeza nyumba yotsika mtengo, chenji ndi yake. Akakutumizani ku Germany, Korea kapena Japan zimasintha, kumeneko kuli OHA, yomwe imangobweza lendi yomwe mwalipiradi mpaka pa malire ake, chenji palibe.

5. Kulembetsa banja lanu, makamaka lomwe lili kumudzi

Apa ndikhalitsapo, chifukwa malangizo ambiri analembedwera munthu amene mkazi wake ndi mapepala ake zonse zili pompano. Ife si mmene zilili.

Kwathu banja ndi lalikulu. Mwana wa achemwali ndi mwana wako, azakhali amene anakulera ndi mayi ako. Asilikali amangodziwa munthu amene walembedwa mu kaundula wotchedwa DEERS. Ngati dzina mulibemo, BAH ya banja simulandira, ndipo munthuyo alibe chipatala cha asilikali.

Mwamuna kapena mkazi wanu amalowa ndi setifiketi ya ukwati. Chinkhoswe ndi ukwati ndithu, ndipo lamulo la ku Malawi la 2015 limavomereza maukwati achikhalidwe, koma kalaliki wa pa kampu sangalandire zithunzi za ankhoswe akupatsana nkhuku. Akufuna pepala la boma lokhala ndi chidindo. Ngati munangochita chinkhoswe, kalembetseni ukwatiwo kuti mukhale ndi setifiketi. Ana amalowa ndi setifiketi yakubadwa ya ku NRB, yokhala ndi dzina lanu ngati kholo. Pepala lililonse lomwe silili m'Chingerezi lifunika kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka.

Musanapite nazo ku ofesi, yalani mapepala onse patebulo, pasipoti, setifiketi ya ukwati ndi za ana, n'kuyerekeza chilembo ndi chilembo. Ine zinandigwera. Dzina la mayi a kunyumba kwanga linali ndi L pa pasipoti, koma pa setifiketi ya ukwati kalaliki analemba R. Kwathu palibe amene angatsutse kuti ndi munthu mmodzi, L ndi R timangosinthanitsa. Mayi amene anali pa kauntala tsiku limenelo analoza ndi cholembera zilembo ziwirizo, n'kundibwezera envelopu yonse. Panatenga miyezi itatu kuti pepala lokonzedwa lichoke kumudzi lifike, ine ndikulandirabe ngati mbeta uku banja likudya kwa ine. Ndalama yotsalira ija anadzandipatsa yonse pakamodzi, chifukwa imawerengedwa kuchokera tsiku lomwe unayamba kuyenera kuilandira, koma miyezi itatu imeneyo ndinaimva kuwawa. Yang'ananinso madeti. Kuno amayamba ndi mwezi, ndiye 03/04 amawerenga kuti March 4 pomwe ife timatanthauza 3 April.

Mukamaliza ku DEERS musaganize kuti zatheka. Pitaninso ku ofesi ya zachuma kapena ya pa unit yanu mukadzaze fomu yoyambitsira BAH, mutenge kope yanu, ndipo mwezi wotsatira muone ngati yatulukadi pa pepala la malipiro.

Tsono makolo. Mayi kapena bambo atha kuvomerezedwa ngati secondary dependent ngakhale akukhala ku Mzimba kapena ku Mulanje, koma muyenera kusonyeza kuti inu ndi amene mumapereka zoposa theka la zonse zomwe amakhalira moyo. Fomu yake ili m'gulu la DD Form 137, ndipo ku Army ndi DFAS yomwe imagamula. Adzafuna ndalama zomwe kholo limapeza palokha, zomwe limagwiritsa ntchito pamwezi, ndi umboni wa zomwe mumatumiza. Apa m'pomwe timagwera, chifukwa timakonda kupatsira mnzathu amene akupita kumudzi madola m'manja. Ndalama yoyenda choncho ilibe mapazi. Tumizani kudzera ku banki kapena kampani yotumiza ndalama, mwezi ndi mwezi, m'dzina la kholo lenilenilo osati la mlongo wanu, ndipo malisiti muzisunga. Akavomereza, msilikali wosakwatira atha kulandira BAH ya banja, koma chaka chilichonse amafuna umboni watsopano. Dziwaninso kuti kholo sililowa mu inshuwaransi ya chipatala ngati mmene amalowera mkazi ndi ana.

Pali mbali ya lamuloli yomwe imatikomera ife. Munthu amene anakulerani m'malo mwa kholo kwa zaka zisanu zotsatizana musanakwane zaka 21 atha kuwerengedwa ngati kholo. Ambirife tinakulira kwa agogo kapena kwa amalume, ndiye funsani za in loco parentis. Koma azing'ono anu ndi ana a abale omwe mumawalipirira fizi sawerengedwa, pokhapokha khoti la kuno litakupatsani mwanayo mwalamulo kwa miyezi 12 kapena kuposerapo ndipo akukhala nanu. Musasokonezenso ziwiri izi, asilikali atha kuvomera mayi anu, koma IRS, ofesi ya msonkho, siwalola ngati dependent pa fomu ya msonkho ngati si nzika ya America ndipo sakhala ku America, Canada kapena Mexico.

Ndimalize gawoli ndi mawu olemera. Ndalama ya banja ndi ya banja. Wolandira BAH ya banja osasamala banjalo atha kulamulidwa kubweza, ndipo ku Army lamulo la AR 608-99 limakakamiza msilikali kuthandiza mkazi ndi ana ngakhale atapatukana. Ukwati ukatha, kanenetu msanga. Ukwati wabodza wofuna BAH ndi mlandu wa kukhoti la asilikali, ndipo kwa amene sunatenge unzika ungakuwonongere zonse.

6. Werengani LES mwezi uliwonse

LES ndi payslip ya msilikali. A Army, Navy, Air Force ndi Space Force amaipeza pa myPay, a Marines pa Marine Online. Malipiro amabwera kawiri, pa 15 ndi pa 1, koma LES yathunthu ndi imodzi pamwezi.

Yambani pamwamba. Onani giredi, zaka za ntchito ndi deti lomwe amawerengerapo zakazo. Deti limeneli likalakwika, chilichonse cha pansi pake chalakwika. Kenako pali mizere itatu. ENTITLEMENTS ndi zonse zomwe mwayenera kulandira. DEDUCTIONS ndi zodulidwa. ALLOTMENTS ndi zomwe munalamula nokha kuti zizipita kwina. Pa zodulidwa mudzapeza mawu akuti MID-MONTH-PAY ndi ndalama yaikulu pambali pake. Anyamata ambiri amandiimbira mtima uli m'mwamba kuti andibera. Sanakubereni, imeneyo ndi ija munalandira kale pa 15.

Titenge E-1 wosakwatira wa ku barracks kumapeto kwa 2025, pa $2,319. Social Security imatenga 6.2 peresenti, yomwe ndi $143.78. Medicare imatenga 1.45 peresenti, $33.63. TSP, thumba la penshoni, imatenga 5 peresenti, $115.95. Inshuwaransi ya moyo ya SGLI ya $500,000 ndi $26. Pali masenti 50 opita ku nyumba zosungirako asilikali okalamba. Zatsala $1,999.14, ndipo msonkho wa boma lalikulu utengapo pafupifupi $100. Mukagawa pawiri, ku akaunti kukulowa ndalama yosafika $1,000 ulendo uliwonse. Nambala imeneyi ndi yomwe iyenera kukhala m'mutu mwanu.

Msonkho wa state umatengera state yomwe munalembetsa ngati kwanu, osati komwe akutumizani. Texas ndi Florida alibe msonkho wa pa malipiro. Ngati mwaona $100 ikudulidwa ya MGIB, ndi ya pulogalamu yakale ya sukulu yomwe imatenga $1,200 pa miyezi 12. Funsani ku ofesi ya maphunziro musanavomere, chifukwa pulogalamu yatsopano ya sukulu, Post-9/11 GI Bill, ilibe malipiro otere.

Tchuthi ndi masiku 30 pachaka, awiri ndi theka mwezi uliwonse. Ife timakonda kuunjika kuti tidzapite kumudzi kwa mwezi wathunthu. Ndi bwino, koma chaka cha boma chimatha pa 30 September ndipo masiku opitirira 60 amatayika. Bokosi la USE/LOSE limakuuzani angati ali pangozi. Ulendo wa kunja umafunanso chilolezo cha akuluakulu, ndiye musagule tikiti musanachipeze.

Pansi penipeni pali REMARKS, timizere tating'ono tomwe anthu sawerenga, koma nkhani zonse zoipa zimayambira pamenepo. Mukaona ndalama yalowa yoposa yomwe mumayembekezera, musaidye. Boma likakulipirani mopyola limadzatenga, ngakhale kulakwitsa kunali kwawo, ndipo litha kudula yaikulu pakamodzi. Iikeni pambali, pitani ku ofesi ya zachuma ndi LES m'manja. Ngongoleyo ikatsimikizika, pemphani kuti azidula pang'onopang'ono. Paja safunsa anadya phula.

7. Ndalama zongodutsa

Bonasi yolowera ntchito imadulidwa msonkho, kawirikawiri 22 peresenti isanafike kwa inu. Nthawi zambiri imabwera mukamaliza maphunziro a ntchito yanu, ina m'zigawo, ndipo mukalephera kumaliza kontirakiti atha kukulamulani kubweza. Family Separation Allowance, yomwe mu 2024 inali $250 pamwezi, ndi ya amene ntchito yamulekanitsa ndi banja masiku opitirira 30, osati aliyense amene banja lake lili kutali. Kumalo oopsa kuli $225 pamwezi. Kudera lomwe boma lalitcha combat zone, malipiro a msilikali wamba sadulidwa msonkho wa boma lalikulu, komanso kuli Savings Deposit Program yomwe imapereka chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka pa ndalama zosapyola $10,000. Ndalama zotere zimatha mukabwerako. Musatengere ngongole ya galimoto pa ndalama zimenezi.

8. Phatikizani zomwe sizioneka

Aliyense amene analowa kuyambira pa 1 January 2018 ali mu ndondomeko ya penshoni yotchedwa Blended Retirement System. Pakatha masiku 60, boma limayamba kukuikirani 1 peresenti ya basic pay mu TSP. Mukadutsa zaka ziwiri limawonjezera mpaka 4 peresenti ina, malinga inunso mukuika 5 yanu. Ndikudziwa kuti foni ya kumudzi ikalira, dzanja limathamangira kutsitsa TSP. Chonde musatsike pansi pa 5, mukhala mukukana ndalama yanu yomwe. TSP mumachoka nayo ngakhale mutangogwira zaka zinayi. Penshoni ya mwezi ndi mwezi imafuna zaka 20, ndipo ndi 2 peresenti pa chaka chilichonse, kutanthauza 40 peresenti ya avareji ya basic pay ya miyezi 36 yomwe munalandira kwambiri. BAH ndi BAS sizilowamo.

Chipatala cha TRICARE n'chaulere kwa msilikali, ndipo banja lolembetsedwa limalowamo. Ya mano a banja yokha ndi yomwe mumalipirako pamwezi. Muli pa ntchito, Tuition Assistance imalipira sukulu mpaka $250 pa credit, ndipo mukagwira zaka zitatu mumayenera Post-9/11 GI Bill yonse, ya miyezi 36 ya maphunziro. Mukakwanitsa zaka 6 n'kuvomera kugwira zina 4, mutha kuisamutsira kwa mkazi kapena ana. Fomu yofunsira unzika kudzera mu usilikali salipiritsa.

Poyerekeza ndi ntchito ya kunja, gwiritsani ntchito chowerengera cha boma cha Regular Military Compensation. Chimaphatikiza basic pay, BAH, BAS ndi msonkho womwe simulipira pa ma alawansi. Nambala imeneyo ndi yoyerekezera ndi salale ya kukampani, si yopangira bajeti.

9. Gwirizanani ndi akumudzi

Miyezi yoyamba musalonjeze kanthu. Malipiro oyamba ku basic training amatha kuchedwa milungu ingapo, ndipo amabwera atachotsamo ndalama yomwe anakupatsiranitu yogulira zofunika. Dikirani muone ma LES awiri kapena atatu ofanana. Kenako sankhani ndalama imodzi yokhazikika ya mwezi, yochokera pa basic pay itadulidwa, osati pa bonasi kapena pa alawansi. Muwauze akumudzi nambalayo m'madola, chifukwa kwacha simakhazikika. Mu November 2023 inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Za feteleza wa mu October, fizi ndi maliro zikhale ndi akaunti yakeyake yomwe mumaponyamo pang'ono pa 1 ndi pa 15 paliponse.

Kwa inu mayi ndi bambo amene mukuwerenga muli kumudzi, mwana wanu sakubisa. Nambala yomwe munamva ija inaphatikiza bedi la ku barracks, chakudya cha ku holo ndi chipatala, zinthu zomwe sangazitumize pa foni.

Vuto likagwa mwadzidzidzi, monga maliro ofuna tikiti ya ndege, musathamangire a katapira omwe ali ndi mashopu kunja kwa geti la kampu. Lamulo la Military Lending Act limawaletsa kupyola 36 peresenti pachaka, koma imeneyonso ndi yambiri. Yambani mwapita ku Army Emergency Relief, Navy-Marine Corps Relief Society kapena Air Force Aid Society, omwe amabwereketsa popanda chiwongoladzanja ndipo nthawi zina amangopereka. Akumudzi adziwiretu dzina lanu lonse monga lilili pa ID ya usilikali, giredi yanu ndi unit yanu, komanso nambala ya mnzanu wodalirika wa kuno, kuti uthenga wa mwadzidzidzi udutsire ku American Red Cross, yomwe imautsimikizira kwa akuluakulu anu pamene mukupempha tchuthi changozi. Ngati munalowa ntchito muli kale ndi ngongole ya khadi kapena ya galimoto, lemberani kalata okubwereketsaniwo pamodzi ndi kope ya ma orders anu, mapepala okulamulani kuyamba ntchito. Lamulo la SCRA limatsitsa chiwongoladzanja cha ngongole yakaleyo kufika pa 6 peresenti, kuwerengera kuyambira tsiku lomwe munayamba ntchito.